Nsapato za m'Shedi ya Mayi Zwicker

Doreen anaima pakhomo pa shedi, kanyumba kosungiramo katundu ka Mayi Zwicker. Mlongo wake Wendell ankamukankha kumsana ndi chigongono.

"Lowa, iwe! Suja umati suopa kanthu?"

"Bwanji osayamba iweyo, wamkuluwe? Ukulu wa pambale basi!"

Munali m'chaka cha 1943. Nkhondo isanabuke, bambo awo ankawatengera kunyanja pagalimoto, akuimba njira yonse. Tsopano mafuta a galimoto ankasowa, ndipo bambowo anali pa sitima yonyamula katundu kupita ku Ulaya. Komabe amayi anakana kuti ana akhale opanda tchuthi. Anabwereka kanyumba ka usodzi ka amalume Basil kugombe la Nova Scotia ku Canada, nanyamula mabulangete, mbatatesi ndi nyemba zam'chitini zokwanira sabata imodzi.

Gombelo silinali lija ankalidziwa. Mchenga unali ndi mawanga akuda a mafuta a sitima zomira, ndipo chifunga chinkakhala mpaka masana. M'chifungamo, m'mawa uliwonse, munkayenda Mayi Zwicker, mayi wokalamba wovala jasi yachimuna, akukoka kangolo kolira kwii, kwii. Ankawerama, kutola kanthu, n'kupitirira. Ana a asodzi ankati amatola za akufa, ndipo akadzitsekera m'shedi amacheza nazo.

Doreen anali ndi chinsinsi chake. Lachiwiri anatola pamchenga wotchi yam'thumba yolembedwa dzina loti T. Halvorsen. Anaibisa m'sokosi osauza munthu. Wotchiyo inali yakufa, madzi atalowa mpaka m'galasi, koma pakakhala bata iye ankaimva ngati ikugunda.

Anakankha chitseko n'kulowa. M'katimo munkanunkha mchere ndi sopo. Maso atazolowera mdima, anayang'ana uku ndi uku. Pamashelefu panali nsapato zachimuna zambirimbiri, zochapidwa bwino, zondandalikidwa ngati eni ake angotuluka pang'ono. Panalibe ziwiri zofanana. Pansi pake panali zipewa, magalasi a maso, lamba, kaliwo wa fodya. Chilichonse chinali ndi kapepala komangidwa ndi ulusi.

Panja panamveka kwii, kwii. Doreen anacheuka kuti agwire dzanja la Wendell, koma anangomva mapazi ake akuthawa pamiyala.

"Samala, mwanawe, ungaponde chipewacho."

Mayi Zwicker anali atatseka khomo ndi thupi lawo, jasi ikudontha madzi. Doreen anabwerera m'mbuyo.

"Wabwera kudzaona mfiti? Ndine ndemwe. Tandilandira ichi, msana wandipweteka."

Anamupatsa nsapato yonyowa, yodzaza mchenga. Inali yozizira ngati nsomba. Doreen anaigwira ndi nsonga za zala.

"N'zandani zonsezi?" anafunsa monong'ona.

"Za ana a anthu. Chokhala ndi dzina ndimachitumiza ku ofesi ya amalinyero mumzinda wa Halifax pamodzi ndi kalata, iwo n'kufufuza abale. Chopanda dzina chimakhala ndi ine. Nanga ndichisiye pamchenga ngati chinyalala?"

Anakhala pa bokosi, napukuta manja pa jasi ija.

"Jasi iyi ndi ya Aubrey, mwana wanga. Sitima yake inamira chaka chatha. Sindinalandire kanthu, ngakhale batani. Ndiye ndimati, mwina kutsidya uko kuli nkhalamba ina yopenga ngati ine, ikuwerama pagombe."

Doreen anayang'ananso mashelefu aja. Anakumbukira amayi ake atakhala pazenera, akusokerera zilembo za dzina la bambo m'kati mwa sokosi iliyonse bambowo asananyamuke. Tsiku limenelo iye anaseka, akuti, "Angabe sokosi za bambo ndani?" Amayi anangopitiriza kusoka.

Anaika nsapato ija pansi. Anawerama, napisa dzanja m'sokosi yake, natulutsa wotchi. Nkhope inamutentha ndi manyazi.

"Ndinatola Lachiwiri. Ndimafuna ndikaonetse anzanga kusukulu."

"Ndinakuona," anatero Mayi Zwicker. "Maso angawa satha kuwerenga, koma munthu wowerama pagombe ndimamuzindikira ali kutali."

"Bwanji simunandilande?"

"Zolanda sizipita bwino kwa eni ake."

Anailandira ndi manja awiri, naipukuta pang'onopang'ono ndi kansalu. Kenako anatsegula kabati, natulutsa pepala ndi pensulo.

"Masiku ano ndikalemba, zilembo zimakwerana. Umalemba bwino iwe?"

"Aphunzitsi amati ndimayesetsa."

"Khala apa."

Kutali m'chifunga Wendell ankaitana, mawu ake atasanduka a kamwana: "Doreen! Doreen! Tuluka, chonde! Ndakaitana amayi!"

"Ndili bwino, wamantha iwe!" anakuwa Doreen. "Uwauze ndichedwa!"

Anakhala pansi pakati pa nsapato zija, pepala lili pabondo, pensulo ili m'dzanja. Anaganiza za nyumba ina kwinakwake, kumene munthu wina ankathamangira pakhomo nthawi iliyonse wamakalata akadutsa, monga ankachitira iye.

"Ndiyambe bwanji, amayi?"

"Yamba ndi dzina lako ndi zaka zako. Amafuna kudziwa kuti amene anatola ndi munthu."

Doreen anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi, nayamba kulemba.