Gadi Wazimitsa Pampu

Pampu yopopa madzi mumgodi wa Che Zuberi, kumapiri a Shurugwi, inkamveka mpaka kukomboni. Inkalira gu, gu, gu, ngati munthu akusinja chapatali, ndipo anthu anaizolowera moti sankaimvanso. Anayamba kuitchera khutu pamene inayamba kumaleka.

Inkaleka kukangoda, achinyamata ausiku atalowa pansi. Phiri lonse linkangoti zii, n'kumamveka mphepo yokha ikukanda malata. Kenaka gu, gu, gu, yadzukanso popanda woikhudza. Ikayenda pang'ono, yalekanso. Usiku wina sinadzukenso, ndipo Yasin ndi anzake anakwera chingwe madzi atawafika m'chifuwa, matochi atazima, akuitanana maina mumdima.

Amakaniko anaimasula yonse koma sanapeze vuto. Amene anaona chodabwitsa anali Boston, mlonda wapamwamba. Pampuyo inali yolumikizidwa ku intaneti ndi munthu wina amene anapita ku Joni kalekale, ndipo kompyuta ya m'kanyumba ka mlonda inkaonetsa dzina la womaliza kuilamula. Boston anawerenga, n'kutuluka chafutambuyo. Panalembedwa kuti: Wazimitsa ndi Gadi.

Gadi, bambo ake a Yasin, anamira mumgodi womwewo dzinja lapitalo, pampu itazima.

Mphekesera zinayenda ngati moto wa m'tchire. Ena amati malemuyo akusungulumwa, akufuna mwana wake. Ena ananong'ona za mkazi wake, Asiatu. Amati kukada amaima pakhonde atayang'ana kuphiri, nkhope ikuyaka mobiriwira, milomo ikugwedera, ndipo pomwepo pampu imakhala chete.

Madzulo ena Boston anafika pakhomopo ndi gulu la amuna.

"Mai Yasin," anatero motsitsa mawu, "mudhara wanu Gadi sanagone. Inu mukudziwa. Bwanji mukapumeko kwa abale anu ku Kwekwe?"

Asiatu sanadzuke pampando. "Ine ndinabadwira pa Shurugwi pano, pakadatchedwa Selukwe, iwe usanaganiziridwe. Bambo anga anasiya mapapo awo m'phiri limeneli. Mwamuna wanga munamutulutsa ndinu, ndipo munamuika m'manda ndi manja anu. Lero mukuti ndikumutuma? Sindichoka. Amene akufuna ndichoke abwere andinyamule."

Palibe amene anasuntha. Yasin anatuluka m'nyumba atavala kale magambutsi, n'kudutsa pakati pawo. "Ine ndikulowa. Ngati ndi bambo anga, akandiuze okha."

Che Zuberi, poona kuti nkhani yafika poipa, anaitana Nuru, mwana wa mlongo wawo, amene ankalemba mapulogalamu a makompyuta ku Gweru. Nuru anatsika kombi dzuwa likupendeka, anakhala nthawi m'kanyumba ka mlonda akuwerenga zimene munthu wa ku Joni uja anasiya, kenaka anapempha amalume ake kuti usiku umenewo munthu asalowe pansi. Iye analunjika kwa Asiatu.

Anakhala awiriwiri pakhonde mpaka mdima unameza mitengo. Kuphiri pampu inkasinja mwachizolowezi. Asiatu anapisa dzanja m'chilundu n'kutulutsa foni yong'aluka galasi.

"Ndi ya malemu," ananong'ona. "Anandionetsa kale kuti ukadina apa umaona ngati pampu ikuyenda. Chiyambireni mwana wanga kulowa usiku, mtima sukhala pansi. Ndimayang'ana, n'kumupempherera."

Anadina. Kuwala kunamenya nkhope yawo. Kuphiri kunati zii.

Nuru ankayembekezera zimenezo. Penapake galu anayamba kuuwa, chitseko cha nyumba yoyandikana chinatsekedwa mwamphamvu.

"Waona?" anatero Asiatu. "Nthawi zonse ndimaipeza itazima. Ndiye ndimadinanso, ndione ngati yadzuka."

"Dinaninso, amayi."

Gu, gu, gu.

Asiatu anaiyang'ana foniyo ngati njoka.

Nuru anatuma uthenga kwa Che Zuberi, ndipo posakhalitsa pabwalo panadzaza anthu ndi matochi. Boston anali kutsogolo, akukuwa.

"Si tinanena! Ndi iwowa!"

"Khalani chete, mukoma, mumve," anatero Nuru. "Tsamba limene amayiwa amatsegula lili ndi mpata wolembapo ngati pampu ikuyenda kapena ayi. Pulogalamu yodzaza mipatayo ili ndi khalidwe lake: ikapeza dzina la chinthu, imangochionetsa, koma ikapeza dzina la ntchito, imaigwira kaye ntchitoyo kuti ionetse zotsatira zake. Wolemba tsambali, munthu wa ku Joni uja, pampata umenewo anaikapo dzina la ntchito yotembenuza switchi. Ndiye aliyense wotsegula tsambalo, ngati pampu ikuyenda amaizimitsa, ngati yazima amaiyatsa. Amalume, inu mumagwiritsa ntchito tsamba lina. Ili linatsala m'foni ya malemu mokha, n'chifukwa chake kompyuta imatchula dzina lawo."

"Basi foniyo iphwanyidwe," anatero Boston, akutambasula dzanja.

Asiatu anaipanikiza pachifuwa. "Uyese. Mwana wanga akakhala pansi pa nthaka, ine ndizikhala ngati wakhungu? Konzani chinthu chanucho. Foni simuikhudza."

"Akunena zoona," anatero Nuru. "Kuyang'ana si mlandu. Tsamba loonera lisamakhale ndi mphamvu yosintha kanthu."

Anatsegula laputopu yake pamwendo, pomwepo pakhonde. Pansi pa ntchito yotembenuza switchi analembapo mzere umodzi, sintha.alters_data = True, chizindikiro chouza pulogalamu ija kuti ntchito imeneyi imasintha zinthu, isamaiitane ngakhale itapeza dzina lake patsamba. Pampata paja anaikapo dzina longowerenga mmene pampu ilili.

"Dinani, amayi."

Asiatu anaimirira, n'kukweza foni kuti onse aone. Anadina. Gu, gu, gu. Anadinanso, maso ali pa Boston, n'kudinanso, n'kudinanso. Pampu sinaphonye ngakhale kamodzi. Boston anazimitsa tochi yake, n'kuzemba. Ena anamutsatira mmodzimmodzi, ndipo Che Zuberi anapepesa m'malo mwa onse asanapite.

Nuru ankalongedza laputopu pamene Asiatu anamugwira mkono. Dzanja lawo linali lozizira ngati mwala wa pansi pa mgodi.

"Mwanangu," ananena chapansipansi kuti Yasin asamve m'nyumbamo, "usiku umene Gadi anapita, foni anaiiwala pamphasa. Mvula inagwa yambiri. Ine ndinada nkhawa."

Mphepo inali italeka, ndipo kunkamveka pampu yokha.

"Ndinadina kamodzi," anapitiriza Asiatu. "Inati yazima. Ndinathamanga kukadzutsa anthu. Sindinadinenso."

"Amayi, amene analakwa ndi wolemba uja. Inu munangoyang'ana."

"Ndikudziwa." Anamusiya mkono, n'kupukuta galasi la foni ndi nsonga ya chilundu, pang'onopang'ono. Misozi sinatuluke. "Mawa undilembere dzina lake lonse munthu ameneyo. Ku Joni si kumwamba. Ndikufuna adzaime pakhonde pano, andiyang'ane m'maso, ndimuuze ndekha."