Kangaude wa Marnie ndi Nyenyezi ya Galasi

Marnie ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuika nyenyezi pamwamba pa mtengo wa Khirisimasi. Chaka chatha woika anali mchimwene wake, Colby. Chaka chino inali nthawi ya Marnie.

Nyenyeziyo inali ya galasi. Sinkachedwa kusweka. Amayi anali ndi lamulo: "Woika nyenyezi agwire ndi manja awiri."

Koma Marnie anali atagwa pa ayezi. Anathyoka mkono ndipo anamuika chikhakha. Kenako chikhakhacho anamuchotsa, koma mkono unauma gwa! Sunkakwera m'mwamba.

"Ukalephera, ndiikanso ine," anatero Colby. Colby ndi wapakamwa, sitingabise.

Lachiwiri, Bambo anapita ndi Marnie kwa Mayi Kowal, dokotala wa mafizo. Mayi Kowal anamuika nsalu yofunda paphewa. Kenako anamuimika pafupi ndi khoma.

"Zala zakozi ndi kangaude," anatero. "Kangaude akwere khoma. Akatopa, apume."

Kwera, kangaude, kwera! Kangaude anakwera pang'ono. Kenako anaima.

Kunyumba, pachitseko cha kukhitchini, panali mizere ya pensulo. Apo ndi pomwe Bambo ankayezera msinkhu wa ana. Tsopano ankalembanso pomwe kangaude wafika.

Lachitatu mzere unali pansi. Lachinayi unakwera. Lachisanu unakwera kwambiri!

"Ati bwanji!" anatero Bambo. Anajambula mizereyo pafoni.

Lachiwiri lina, Mayi Kowal anaona chithunzicho. "Tandionetsa, mwanangu," anatero.

Kwera, kangaude, kwera! Koma Mayi Kowal sanayang'ane dzanja. Anayang'ana mapazi.

"Marnie, akukwerayu ndi kangaude, kapena zidendene?"

Marnie anachita manyazi. Ankakweza zidendene mobisa. Misozi inalengeza.

"Phewa limapweteka," anatero. "Komanso Khirisimasi yayandikira."

"Ndikudziwa," anatero Mayi Kowal. Sanamukalipire. Anatenga pepala n'kuliika pansi pa zidendene zake. "Uliponde. Wina azilikoka. Likatuluka, mzere sulembedwa."

Bambo anafufuta mizere yabodza ija. Ntchito yokoka pepala inagwera Colby. Anaikonda zedi!

"Latuluka! Wabera!" ankakuwa Colby.

"Sindinabere! Unandigirigisha!"

Mawa lake pepala silinatuluke. Mkuja silinatulukenso. Mzere unkakwera pang'ono chabe. Koma unali mzere woona. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Tsiku lina Colby analeka kukuwa. "Kwera, kangaude, kwera," anatero motsitsa mawu.

Tsiku lokongoletsa mtengo linafika. Mtengo unali wautali, pafupi kugunda denga. Bambo ananyamula Marnie pamapewa. Amayi anamupatsa nyenyezi.

Marnie anaigwira ndi manja awiri. Anakweza pang'ono. Anapuma. Anakwezanso.

Nyenyezi inakhala pamwamba, nga!

Marnie anayang'ana pansi. Colby anali atamugwira zidendene zonse ziwiri.

"Zili phee!" anakuwa Colby. "Sanabere!"

Onse anaseka. Amayi anaseka mpaka misozi.

"Bambo, jambulani msanga," anatero Marnie. "Titumize kwa Mayi Kowal. Mulembe kuti zikomo, kangaude wafika."

"Nanga wokoka pepala?" anafunsa Colby.

Marnie anatsika. Anamukumbatira ndi manja awiri.