Payipi Yakuda ya ku Maarlo

Lachiwiri m'mawa, Mayi Hendrikje Roelofs adapeza nkhosa zawo zisanu zitafa m'mbali mwa ngalande, thovu lili kukamwa. Madzi ankanunkha ngati penti. Adatseka mphuno ndi mpango, naimbira apolisi a ku Maarlo.

Cha m'ma 10 koloko kudafika wapolisi wofufuza milandu, Marloes Dekkinga. Adalondola ngalandeyo mpaka pampanda wa fakitale yakale ya mawailesi. Fakitaleyo idatsekedwa kalekale, koma mankhwala otsukira zitsulo adali atalowerera m'nthaka ndi kuwononga madzi apansi. Khonsolo idalemba ntchito Tjerk Boonstra kuti azipopa madziwo, kuwasefa m'thanki ya makala, kenaka n'kuwabwezera pansi.

Marloes adamupeza Boonstra m'galimoto, akudya buledi wa tchizi.

"Nkhosa zafa kumunsiku, bambo."

"Nkhosa zimafa, mayi. Ine si dokotala wa ziweto. Madzi anga amayezedwa mwezi ndi mwezi. Kafunseni ku labotale."

"Tsegulani thankiyo."

"Kiyi ndaiwala kunyumba."

Marloes adatola chitsulo naphwanya loko. M'thankimo mudali mouma gwa. Matumba a makala adali chimangire, akangaude atayalapo ukonde. Kuseri kwake, payipi yakuda idadutsa m'udzu kulunjika kungalande, ikulavula madzi amafutamafuta. Marloes adatembenukira kwa Boonstra.

"Mwachita izi kwa miyezi ingati?"

Boonstra adangoyang'ana nsapato zake.

"Nanga madzi omwe mumatumiza ku labotale mumawatunga kuti?"

"Pampopi wa kukhitchini kwanga." Adapukuta pakamwa. "Kusefa kumachedwetsa ntchito, mayi. Ndipo poizoniyu sindidathire ndine pansipa."

"Ana asukulu amawedza m'ngalandemu. Mukudziwa?"

"Anga sawedzako."

Marloes adamutembenuza, namumanga unyolo mothinitsa, buledi n'kugwera m'matope.

Kukhoti zidadziwika kuti payipiyo idalavula poizoni kwa miyezi khumi ndi inayi, ndipo poizoniyo adali atafika m'zitsime za mabanja asanu ndi anayi. Boonstra adalamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi.

Patatha sabata, antchito a khonsolo adafika kwa Mayi Roelofs ndi simenti yotsekera chitsime chomwe adakumba malemu amuna awo.

"Mpaka liti?" adafunsa mayiwo.

"Akuti zaka makumi atatu, mayi. Mwinanso kuposa."

Mayi Roelofs adali ndi zaka 74. Adasuzumira m'chitsimemo kamodzi.

"Ndiye tsekani zenizeni," adatero, nalowa m'nyumba.