Msoko wa pa Mpando Wofiira

Galimoto inasowa Lachiwiri masana, mvula ili pakati. Mlonda wa pabwalo la okushoni anali atabisala m'kanyumba kake ka kutsogolo. Mvula itakata anazungulira kuseri, n'kupeza geti laling'ono lili chitsegukire, tcheni chodulidwa chili pansi. Pamene panaima galimoto panangotsala lona yofunditsira, itaunjikana m'matope.

Sinali galimoto wamba ayi. Inali ya ku Jeremani, yamakedzana, ya mipando iwiri yokha, denga lake lopindira kumbuyo. Dzulo lake bwana wina wa mahotela anali ataigula pa okushoni, ndipo inkangodikira lole yodzainyamula.

Tisazungulire, anaiba ndi Wamipando.

Wamipando anali wamkulu mwa ana awiri amene anatsala ndi galaja ya malemu bambo awo. Iye ankasoka mipando ya magalimoto m'kachipinda ka kuseri, konunkha guluu ndi chikopa. Mng'ono wake, amene aliyense ankangomutchula kuti Sipanala, anali makaniko, munthu wa pakamwa pokoma, woseka ndi aliyense. Galimotoyo anaigula ili chiphakasa, dzimbiri lokhalokha, ndipo anavutika nayo awiriwiri kwa zaka. Sipanala anadzutsa injini. Wamipando anakuta mipando ndi chikopa chofiira, pamanja, ndi singano ziwiri zokhota ndi ulusi wopaka phula. Msoko wake unali ndi khalidwe lake: pothera ankabwerera m'mbuyo n'kubisa mfundo mkati, moti ungapapase ndi chala tsiku lonse osaipeza.

Tsiku la okushoni holo inadzaza. Woitanira mitengo anaimika Sipanala pambali pa galimoto, n'kumutamanda kuti ndiye mmisiri amene anaukitsa chakufa. Anthu anaomba m'manja. Atolankhani anamujambula atagwira chiwongolero, chomwe anachikuta ndi mkulu wake. Wamipando anali ataima kumbuyo, pafupi ndi tebulo la zakumwa, atavala jekete yake ya ku maukwati. Mayi wina anafika n'kumupatsira tambula yopanda kanthu, kumuyesa woperekera zakumwa. Sipanala analankhula zambiri, anathokoza mpaka wogulitsa matayala, koma mkulu wake sanamutchule. Mwina anaiwala ndi chimwemwe. Wamipando sanafune kumva za mwina. Nsanje inamulowa.

Kanyundo ka woitanira mitengo katagunda, bwana wa mahotela anadziponya pampando wa dalaivala ngati thumba la simenti, mpukutu wa makiyi uli m'thumba la kumbuyo. Msoko wa m'mbali unang'ambika, kutalika ngati chala. Bwanayo anaseka chikhakhali, naitana wojambula kuti ajambule pomwepo, ati akapeza katelala kena kadzazigambe. Wamipando anamva ngati amung'amba iyeyo.

M'mawa mwake mkazi wake anamuyalira nyuzipepala patebulo.

"Mwawaona alamu? Atchukatu."

Wamipando sanamalize tiyi. Anatenga kiyi wapadera amene ankasunga kuyambira nthawi yomwe ankaika mipando, chodulira zitsulo cha m'galaja, chigubu cha petulo ndi machesi. Mvula inamuthandiza: inatseka makutu a mlonda ndipo misewu inali yopanda anthu. Anayendetsa mpaka ku chinyumba chakale chosungiramo katundu kuseri kwa njanji, kumene kale ankagulako zikopa kampani isanatsekedwe. Analowetsa galimoto, n'kukoka chitseko. Maganizo ake anali amodzi basi, kuitentha. Akufuna zithunzi? Adzajambule phulusa.

Anatsegula chigubu, natsegulanso chitseko cha galimoto kuti ayambire pamipando. Fungo la chikopa linamulandira. Maso ake anagwera pong'ambika paja, pali yasa, thonje likusuzumira. Anaima chigubu chili m'manja. Kutentha atentha ndithu, anadziuza, koma osati ili chonchi. Ntchito yake isapse ili yong'ambika ngati ya munthu wosadziwa kusoka.

Kachitini ka singano sikankachoka m'thumba mwake, ngakhale popita ku maliro. Anagwada pasimenti, napaka ulusi phula, nayamba kulowetsa singano m'mabowo akale omwewo, imodzi uku ina uku. Pothera anabwerera m'mbuyo, nabisa mfundo. Atasisita ndi chala chachikulu, mpando unali ngati sunakhudzidwepo. Anatulutsa machesi, koma dzanja linakana. Anatseka chigubu, nati abwera mawa. Mawa lakelo silinafike.

Wofufuza mlanduwo anali Sajeni wina wa polisi, mayi wamfupi wosachuluka mawu. Anaona kuti tcheni chinadulidwa ndi chida cha m'galaja, ndipo anamva kuti galimoto yotero, munthu wosaizolowera sangailize n'komwe. Woizolowera anali ndani? Nyuzipepala inali itanena kale. Lachitatu m'mawa Sipanala anali m'chitokosi, ndipo anthu omwe aja ankaomba m'manja anayamba kunena kuti nkhope yake inkaonekeratu kuti ndi ya mbava. Za wosoka mipando palibe anafunsa. Ngakhale apolisi anamuiwala.

Wamipando anapita kupolisi ndi chakudya, nkhope ili yachisoni, koma kukhosi kuli mbee. Sipanala anamugwira dzanja kudzera m'zitsulo, misozi ili lengelenge, nam'pempha kuti aziyang'anira ana ndi galaja mpaka zinthu zitadziwika. Apo Wamipando chinam'tsina pang'ono mumtima, koma atakumbukira tambula ija chinatha.

Lachisanu ogwira ntchito panjanji anasuzumira pa mng'alu wa chitseko, naona chinthu chonyezimira. Sajeni anafika nthawi ya chakudya chamasana. Anazungulira galimoto mosafulumira. Chigubu chinali chodzaza, machesi ali pamwamba pake. Pansi popondapo dalaivala panali patayalidwa pepala kuti matope asadetse kapeti. Anatulutsa chithunzi chimene anatenga kwa wojambula wa pa okushoni, nayang'ana chithunzi, nayang'ana mpando. Kenaka anatuma kuti abweretse Sipanala, ndiponso akaitane mkulu wake, ati adzathandize kuzindikira katundu.

Anafika onse awiri, wamng'ono ali mu unyolo.

"Lolemba mpando uwu unang'ambika," anatero Sajeni. "Chithunzi ndi ichi. Lero pong'ambika pali kuti?"

Sipanala anawerama, nayendetsa chala pamsoko kuchokera pamwamba mpaka pothera, kufunafuna mfundo. Sanaipeze. Anakhala chiweramire kanthawi. Atadzuka sanayang'ane mkulu wake, anayang'ana nsapato zake.

"Izi palibe chachilendo, mayi," anatero. "Telala aliyense wa pakhonde angasoke chonchi."

Sipanala ankapulumutsa mkulu wake, unyolo uli m'manja mwake iye mwini. Wamipando anadziwa zimenezo bwinobwino. Chimene chinkafunika kwa iye chinali kutseka pakamwa basi, n'kubwerera kunyumba. Koma mawu akuti aliyense anamulowa ngati singano pansi pa chikhadabo.

Sajeni anagwedeza mutu ngati wavomera. Anawerama nayenso, nanena mosalabadira kuti n'zoona, ndipo ukaonetsetsa msokowo ndi wokhota, mwina anasoka ndi wosoka matumba a kumsika.

"Wakhota pati?" anafunsa Wamipando.

"Achimwene," anatero Sipanala chapansipansi.

"Ayi, andionetse. Wakhota pati? Ndinalowetsa singano m'mabowo akale omwewo, limodzi silinaphonye. Mundipezere telala mmodzi m'tauni muno wobisa mfundo chonchi. Ndipo iwe, takulira limodzi, wandiona ndikuthothoka maso pa mipando imeneyi, lero ukuti aliyense?"

"Achimwene, khalani chete, chonde."

"Ndinakhala chete Lolemba. Zinakwana."

Sajeni anatulutsa kakiyi, namasula unyolo m'manja mwa wamng'ono, nauveka wamkulu. Wamipando anapereka manja yekha, akupumira m'mwamba, maso akadali pampando. Sipanala anakhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira ngati mwana, akunena kuti mkulu wake akanangomuuza, iye akanabwerera pamaso pa anthu onse aja n'kukamutchula.

Akupita ndi Wamipando ku galimoto ya polisi, Sajeni anaima pakhomo, nacheukira mpando wofiira uja.

"Sunakhote, bambo," anatero. "Chibadwire sindinaone msoko wokongola chonchi."

Wamipando anaima. Nkhope yonse inamasuka, koyamba sabata imeneyo.

"Mukalembe zimenezo m'lipoti," anatero. "Ndipo dzina langa musalakwitse."