Laputopu Yosagona ya Malemu

Mayi wina wamasiye atagwira chikwama cha laputopu m'mawa anapeza chikutentha. Laputopu ya malemu mwamuna wake anaitseka yekha madzulo batire ili yodzaza, koma tsopano inali itatheratu.

Abale atagawana katundu, laputopuyi yokha ndi imene anamusiyira. Mlamu wake, munthu wodziwa zonse kupatula kusiya zinthu za eni, anali atachotsamo pulogalamu yoyendetsa makina imene inabwera nayo n'kuikamo ina yaulere. Zachilendo zinayamba sabata yomweyo.

Usiku wachiwiri anadzimvera yekha. Nyumba yonse ili zii, kafani ka m'laputopumo kanayamba kuzungulira pansi pa tebulo, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akupuma mosamala kuti asadzutse mnzake. Kenako kuwala kunatulukira m'mphepete mwa chivundikiro chotseka, n'kufika pamwendo wa bedi. Patapita kanthawi zonse zinazima.

Usiku wachitatu apongozi ake, amene ankagona chipinda china, anaima pakhomo.

"Mpongozi," ananong'ona, "mwana wanga sanapumule. Mawa chinthuchi chikatayidwe kudzala, apo ayi ine muno sindigonanso."

Mayiyo mantha anali nawo ndithu, koma kutaya laputopuyo kunali ngati kuikanso maliro. Kutacha anaitengera kwa wokonza makompyuta wa kuseri kwa msika, amene anthu ankangomutchula kuti Magalasi. Apongozi anatsatira, n'kukaima panja manja ali m'chiuno.

Magalasi anamvetsera, anafunsa za mlamu uja, n'kupukusa mutu.

"Mayi, mzimu mulibe muno. Pansi pa pulogalamu yaikuluyo pali kena kakang'ono kokhala m'kati mwenimweni mwa makinawa, timakatcha fimuweya. Ndi kamene kamayang'anira fani, batire ndi tulo ta makinawa. Opanga anakaphunzitsa kumvana ndi pulogalamu yakale ija basi. Yatsopanoyi ikati gona, iko kamangosinza, kenako n'kudzidzimuka."

"Ndiye mukonza?"

"Ndiikamo fimuweya yatsopano, zitha lero lomwe. Koma ndikaika, yakaleyo sibwereranso."

Mayiyo anasuzumira panja, anaona nkhope ya apongozi, n'kuvomera. Ntchito yake sinatenge ngakhale theka la ola.

Usiku umenewo anagona chagada, makutu ali tcheru. Firiji inkalira kukhitchini, mpopi wa kubafa ukudontha. Pansi pa tebulo panali duu. Ola limene kafani kankayamba kuzungulira linafika n'kudutsa, ndipo m'pamene anazindikira kuti masiku onsewa sankalephera kugona chifukwa cha mantha ayi, ankadikira.

Ndiye anamva mapazi opanda nsapato akubwera m'kakhonde, pang'onopang'ono, mpaka anaima kuseri kwa chitseko. Chogwirira chinatsika. Mumdimamo munali apongozi, atafunda bulangete.

"Mpongozi," ananong'ona, "bwanji lero sanabwere?"