Kalata ya ku Khothi M'thumba la Sukhraj

M'nyumba ya bambo Balkar, kuseri kwa siteshoni, munali mtendere ndi pemphero. Mkuluyu adagwira ntchito yosintha njanji zaka makumi atatu osalakwitsa. Tsiku lomwe mwana wawo Sukhraj adalembedwa ntchito yothandiza dalaivala wa sitima, adam'manga okha nduwira.

"Mwana wanga, sitima ilibe chiwongolero," adatero. "Chiwongolero chake ndi maso ako."

Ntchito ya Sukhraj inali yopenya nyali za m'mbali mwa njanji n'kufuula mtundu wake, dalaivala n'kuvomera. Koma ulendo wa sitima ya tirigu ndi wautali, ndipo dzuwa la ku Punjab limalefula. Dalaivala wake, Dilbagh, ankayenda ndi fulasiki ya tiyi wowiritsa ndi makoko a popi, chomera chozunguza bongo.

"Imwa, mphwanga, kutopa kuthe. Makina opumiramo amene amatiyezera aja amangonunkhiza mowa, izi sazidziwa."

Sukhraj adamwa. Pofika mwezi wachitatu, akapanda kumwa manja ankanjenjemera. Mayi ake adaona kuti chapati akungoitembenuza m'mbale.

"Iwe, masowa bwanji? Ukutibisira chiyani?"

"N'kutopa chabe, amayi."

Kenaka kudafika makina atsopano oyezera malovu, ndipo tsiku loyamba lomwelo adam'gwira. Dilbagh, amene tsikulo adanamizira malungo, adam'tengera kwa loya.

"Lamulo limatchula makina a mpweya, silitchula a malovu," adatero loyayo. "Ndiye mwalamulo sunayezedwe."

"Ndiye makinawo ananama?"

"Sindinatero."

"Ndiye ndinalakwa?"

"Sindinateronso. Saina apa, mnyamata."

Kukhothi woweruza adavomereza mfundo ya loyayo, makinawo n'kutsekeredwa m'kabati. Sukhraj adapatsidwa kalata ya chidindo. Adaiwerenga katatu mutu utaima, poti sinkanena kuti ndi wolakwa, sinkanenanso kuti ndi woyera. Anzake adam'veka nkhata ya maluwa, koma bambo ake adakana kudya naye.

"Khothi lazenga makina, silinazenge magazi ako," adatero. "Leka zimenezi."

Mnyamatayo adasowa kuti amvere ndani. Bambo akuti ichi, chidindo chikuti icho. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma iye adasankha mawu omwe sankapweteka. Adapinda kalatayo, kuiika m'thumba la malaya ngati chithumwa, n'kubwerera kufulasiki.

Tsiku lina masana, zikope zikulemera, adaona nyali patsogolo ikuyandama m'kutentha. Yofiira kapena yobiriwira? Pakamwa padayankha mwachizolowezi.

"Yobiriwira!"

"Yobiriwira," adavomera Dilbagh, maso ali chitsinzire.

Inali yofiira. Kutsogoloko anthu ankakonza njanji. Onse adalumpha kupatula Mangat, bambo wa ana anayi, amene miyendo yake yonse idatsala pamenepo.

Apolisi adam'tsekera Sukhraj. Bambo Balkar atapita kukamuona m'chitokosi, mnyamatayo adatulutsa kalata ija.

"Ababa, koma khothi lidati..."

"Pita nayo kuchipatala ukamuwerengere Mangat. Mwina miyendo imera."

Sukhraj adayang'ana chidindo chija nthawi yaitali, kenaka adalira ngati mwana.

Achinyamata inu, musamafunse ngati chokugwirani n'chololedwa; funsani ngati chomwe mukuchita n'choyenera. Loya angathe kutsekera makina m'kabati, koma tchimo limakwera nanu sitima, ndipo mabuleki samva Chingerezi cha m'khothi.