Simbi ya Telala

Telala uja ankangomutcha Singano chifukwa cha kuwonda. Atangokwatira, shopu yake inali ya phwete lokhalokha: iye akupalasa makina, mkazi wake akuika mabatani, uku akumuseka kuti ngakhale tepi yoyezera ndi yonenepa kumuposa.

Zinayamba kuvunda mkaziyo atapeza ntchito yolandira odwala pachipatala cha mano. Akavala bwino, Singano ankafunsa kuti akuvalira ndani. Anayamba ndi kusecha foni, kenako mbama, kenako lamba. Anansi akamva kulira ankangokweza wailesi.

Tsiku lina mayi wogulitsa tomato pakhonde la shopuyo anamukodola.

“Achimwene, ine sindinanene kanthu, komatu akazi anu ndawaona kawiri ndi ang'ono anu kuseri kwa chipatala. Kunong'onezanako, eee!”

Nsanje ilibe makutu awiri. Imamva mbali imodzi, nkugamula mlandu yokha. Sabata yonse Singano ankasoka zokhota.

Loweruka masana, iye akusita suti ya kasitomala, mng'ono wake analowa.

“Achimwene, ndabwera kuti tikambirane za alamu.”

“Alamu? Ukamakumana nawo kuseri kuja umawatchulanso alamu?”

“Mwamva zolakwika. Tandimverani kaye.”

“Ndinakulera ndine, lero ukundidyera m'mbale yanga!”

“Achimwene, mukuwapweteka anthu aja, ndiye…”

Sanamalize. Simbi yamoto inamupeza pachipumi, ndipo anagwa pakati pa nsalu. Pofika naye kuchipatala anali atatsamaya kale.

Kukhoti, mkazi wa Singano anapinda mkono wa bulauzi nkuonetsa zipsera.

“Kwathu ndinkachita manyazi kunena. Ndinapita kwa alamu anga chifukwa ndi okhawo amene amuna angawa ankawamvera. Ndinawapempha kuti akawalangize asiye kundimenya. Anafera ine.”

Woweruza anagamula kuti Singano akakhale kundende zaka makumi awiri.

Lero ali m'ndende, amasoka zigamba pa yunifomu za akaidi anzake. Mkazi anabwerera kwawo. Mayi a Singano anabwera kamodzi kokha, naima kuseri kwa waya osakhala pansi.

“Ndinabereka awiri,” anatero. “Wina ndamuika m'manda. Winayo sindikumudziwa.”

Mwamuna amene wasandutsa dzanja kukhala pakamwa pake samenya mkazi yekha ayi. Amagwetsa nyumba yonse, ndipo denga limayamba kuphwanya iye mwini.